Kusamala galimoto yotsegula denga ku Zomba: yambani ndi njira za madzi

Tsiku limene ndinalowa nayo m'tauni ya Zomba, anyamata a kabaza anasiya macheza n'kuyamba kuimba malikhweru. Wina anakuwa ali tsidya lina la msewu: "Madala, denga mwalisiya kuti?" Unali mwezi wa Seputembala, kumwamba kuli ngwee, ine mtima uli m'malo. Pofika mu Januwale kapeti ya kumbuyo kwa mipando inkachita kufinyika madzi, m'kati monse mukununkha ngati thumba la chimanga chovunda. Walira mvula walira matope.

Galimotoyo ndi Mazda MX-5 ya mtundu wachiwiri, uja anapanga kuyambira 1998 mpaka 2005, ndipo zambiri zimene ndilembe pano ndaphunzirira pa iyoyo. Koma zithandizanso amene ali ndi Toyota MR-S, Honda S2000, BMW Z3 kapena Z4, Mercedes-Benz SLK, ngakhale ka Daihatsu Copen kaja ka injini ya 660cc. Magalimoto amenewa safera ku injini. Ya MR-S ndi 1ZZ-FE, yomwe ija ili mu Corolla, Wish ndi Premio zambiri za m'misewu yathu, ndipo makaniko aliyense anaimasulapo. Chimawapha ndi madzi olowa n'kukhazikika. Kuno, patsinde pa phiri lokoka mitamboli, madziwo ndi ankhaninkhani kuyambira Novembala mpaka Epulo, chiperoni n'kudzamalizitsa mu Juni ndi Julayi. N'chifukwa chake ndiyambira kumene eni ake ambiri sanasuzumireko n'komwe.

Tingalande tobisika

Denga la nsalu silili ngati la malata loti madzi onse amagwera panja. Otsetsereka chakumbuyo amalowa kunsi kwa mkombero wa denga, ndipo opanga anachita kufuna kuti zizitero. M'katimo anaikamo kangalande kozungulira kumbuyo kwa mipando, kamene kamalandira madziwo n'kuwapereka ku timapayipi tiwiri, kena kumanzere kena kumanja, totulukira kunsi kwa galimoto pafupi ndi matayala akumbuyo. Timapayipito n'tating'ono, chala chimatseka pakamwa pake. Fumbi la mu Okutobala, timasamba ta jakaranda, singano za paini za kuphiri, zonse zimagwera momwemo, mvula yoyamba n'kuzikanda kukhala phala. Kukatsekeka, madzi amasefukira pa kapeti, m'buti, ndiponso m'zitsulo zamphako za kunsi kwa zitseko. Mmenemo dzimbiri limayambira m'kati. Mukamadzaona matuza pa penti, n'kuti chitsulo chitadyeka kalekale.

Chitani chonchi. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, kankhirani mipando kutsogolo, denga likhale lotseka kapena lotsegula theka malinga ndi mmene dzanja lanu likufikira bwino. Pa MX-5 pakamwa pa timapayipi pali kumbuyo kwa mpando uliwonse, chapafupi ndi pamene pamachokera lamba wa mpando. Unikani ndi tochi ya foni. Tolani ndi zala zinyalala zonse zapamwamba musanathire kanthu, kuopa kuzikankhira m'kati. Kenako tengani botolo la malita 2, muthire madzi pang'onopang'ono m'kangalandeko mbali imodzi, mnzanu atagwada kuyang'ana kunsi. Madzi azituluka nthawi yomweyo, ngati pampopi wotsegula pang'ono. Akamachita kudontha, kapena kukangoti zii, kwatsekeka.

Chotsegulira chabwino chimene ndinapeza n'cha mtengo wa mandasi: chikhungwa cha kebulo ya buleki ya njinga, chakuda chija chokutidwa ndi pulasitiki, chimene okonza njinga pamsika amakhala nacho. Chimapindika motsata payipi koma sichibaya. Chilowetseni mofatsa, mukuchipotokola, mpaka chitulukire pansi. Waya wa mpanda kapena sipoko musayese, mubowola payipi pamalo oti simungafikepo. Mpweya wa kompuresa wa kopopera matayala ukhoza kuzula kapayipi polumikizira, madzi n'kumathera m'kati mwa bodi inu osadziwa. Pa MX-5 ya mtundu wachitatu, ya 2005 mpaka 2015, m'payipimo muli kachitseko kotsegukira kumodzi, ndiye pobweza chotsegulira chanu musachite kukoka mwaukali.

Mukatha, thiraninso madzi kuti mutsimikize. Ndiye gonani pansi muone mzere wa chitsulo wa kunsi kwa zitseko, pamene mumaika jeke. Pamenepo pali timabowo totulutsira madzi, timene nthawi zambiri timaphwanyika ndi jeke woikidwa molakwika kapena kumatika ndi matope. Titsegulireni ndi kamtengo kosongola.

Ntchito imeneyi ichitike kumapeto kwa Okutobala mvula isanagwe, kenako kamodzi pamwezi mpaka Epulo. Ngati galimoto imagona pansi pa mtengo, pa masabata awiri aliwonse. Eni BMW Z4 yoyamba, ya 2002 mpaka 2008, amve kawiri: pampu yoyendetsa denga inaikidwa m'kadzenje kotsika chakumbuyo kwa mpando, ndipo ngalande ikatsekeka pampuyo imamira n'kufa. Yatsopano ndi yochita kuitanitsa kunja ndi ndalama zakunja. Eni SLK ndi Copen, a denga lachitsulo lopindika, asadzinamize kuti apulumuka. Ngalande zilipo, m'mbali mwa buti.

Ngati madzi alowa kale, kupukuta pamwamba pa kapeti n'kudzinyenga. Kunsi kwake kuli siponji yokhuthala yosunga madzi milungu ingapo. Chotsani waya wa batire, masulani mipando, tukulani kapeti n'kuichirikiza ndi thabwa kuti mphepo izidutsa, galimoto iothe dzuwa masiku awiri kapena atatu. Magalimoto ena amabisa kompyuta ya injini kapena timabokosi ta magetsi kunsi kwa kapeti, ndipo chinyezi chikafika pamenepo mudzayamba kuona magetsi achilendo pa dashibodi, makaniko n'kumakugulitsani zitsulo zatsopano m'malo mwa zabwinobwino.

Kutsuka denga

Dziwani kaye mtundu wa denga lanu. Lilipo la vinyl, losalala ngati chikopa cha mpando wa minibasi, ndi la nsalu yeniyeni, limene ulusi wake umaoneka ndipo chala chimaumva. Kutsuka n'kofanana, koma mankhwala opaka pambuyo pake ndi osiyana.

Ine ndinaphunzira movutikira. Ndinaisiya pamalo ena otsukira magalimoto n'kupita kokagula ndiwo. Pobwera ndinapeza mnyamata atawaza sopo wa ufa padenga, akukwecha ndi bulashi ya matayala, thovu lili mbuu. "Achimwene, taimani kaye!" Iye osatekeseka: "Bwana, musade nkhawa, liyera ngati latsopano." Linayeradi, koma sopoyo anachotsa mankhwala onse otchinga madzi, ndipo pamene anakwecha kwambiri nsalu inachita ubweya. Sindimuimba mlandu. Tsiku lonse amatsuka ma Sienta ndi minibasi, denga la nsalu analigwirapo liti? Chiyambire pamenepo bodi amatsuka ndi iwo, denga ndimatsuka ndekha.

Tsukani m'mawa kapena pamthunzi, nsalu isanatenthe. Yambani pouma: sesani fumbi ndi bulashi yofewa, ngati ya nsapato ija koma yatsopano, yosakhudzapo polishi. Nyowetsani denga lonse ndi madzi a m'ndowa kapena a payipi yosathamanga. Sungunulani m'ndowa sopo wamadzi wotsukira galimoto, kapena shampu ya ana, pang'ono chabe, n'kumatsuka chigawo chimodzichimodzi kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, osati mozunguliza. Tsukuluzani mpaka madzi otsika asakhalenso ndi thovu, chifukwa sopo wotsalira amasiya mizere yoyera ndipo amakola fumbi. Yalani thaulo padenga limwe madzi, osakhula ayi, ndipo denga likhale chitsekere mpaka liumiretu. Jik, sopo wa ufa, petulo ndi parafini zisayandikire. Makina opopera madzi mwamphamvu aja, ngati palibe kuchitira mwina, aime patali ndipo asaloze pamsoko kapena pa malabala.

Mdani wa nsalu ku Zomba ndi ndere ndi chuku. Muziyang'ana m'misoko ndi m'mphepete mwa zenera lakumbuyo, kubiriwira kumayambira mmenemo, makamaka ngati galimoto imagona kumbali ya nyumba kosafika dzuwa. Sakanizani viniga woyera ndi madzi muyezo wofanana, yesani kaye pakona yobisika, pakani ndi mswachi wakale, dikirani mphindi 15, tsukuluzani. Zitosi za mbalame ndi za mileme zimadya mtundu wa nsalu, zichoke tsiku lomwelo: ikanipo kansalu konyowa kuti zifewe, kenako zinyamuleni, musazipale zili zouma. Utomoni wa paini umangofuna madzi ofunda a sopo ndi kudekha.

MX-5 yoyamba, ya 1989 mpaka 1997, BMW Z3 ndi S2000 za zaka zoyambirira zili ndi zenera lakumbuyo la pulasitiki. Limeneli musalipukute louma, ngakhale ndi mpango wa m'thumba. Fumbi limakhala ngati sandipepa, zenera n'kuchita khungu loti usiku magetsi a wam'mbuyo amangoti balala. Tsirani madzi kaye fumbi litsike, kenako kansalu kofewa ndi sopo yemwe uja. Mankhwala opopera a mawindo a m'nyumba amaliumitsa.

Mankhwala opaka ndi malabala

Denga la nsalu lili ndi magawo atatu: ulusi wakunja, labala wopyapyala pakati, ndi nsalu yam'kati. Chotchinga mvula ndi labala wapakatiyo. Mankhwala opaka kunja ntchito yake n'kuti ulusi usamamwe madzi n'kukhala chinyowere, chifukwa nsalu yonyowa masiku atatu ndi munda wa ndere. Kuti mudziwe ngati akadalipo, thirani kapu ya madzi padenga loyera. Akaundana timikanda n'kugubuduka, zili bwino. Nsalu ikada n'kuwamwa, nthawi yakwana.

Pakani mu Seputembala kapena koyambirira kwa Okutobala, pamene mungathe kudalira kuti kukhala kouma. Odziwika ndi a Renovo ndi 303 Fabric Guard. Konzekani kuwasaka ku Blantyre kapena kutuma wachibale wochokera ku Johannesburg. Denga likhale lotsukidwa ndipo lauma tsiku lathunthu. Phimbani magalasi ndi penti ndi nyuzipepala zakale, pakani ndi bulashi ya penti kuyambira pakati kupita m'mbali, mopyapyala, kawiri, ndipo maola 24 lisaone madzi. Denga la vinyl silifuna zimenezi, limafuna mankhwala oliteteza kudzuwa kuti lisang'aluke. Polishi wa matayala, wa nsapato kapena mafuta ophikira, zimene ena amapaka kuti liwale, zimangokola fumbi.

Malabala ozungulira magalasi ndi a pamwamba pa galasi lakutsogolo apukuteni ndi kansalu konyowa, kenako muwapake girizi wa silikoni ndi chala, pang'ono, pa miyezi itatu iliyonse. Vaseline ndi oyilo wa injini ayi: labala wa mtundu umenewu akamwa mafuta ochokera ku petulo amatupa n'kufumbwa. Mafuta a mabuleki, amene ena amakonda kudetsera malabala, akadonthera pa penti amaisupula.

Pakamadonthabe, fufuzani modekha. Khalani m'kati, mnzanu azithira madzi kuyambira m'munsi mwa galasi kukwera m'mwamba, kuti muone polowera penipeni. Njira ina: panikizani kapepala pakati pa galasi ndi labala, n'kukakoka. Kakasololoka mosavuta, pamenepo sipakugwirana, ndipo kawirikawiri mankhwala ake n'kumanga zokowera za kutsogolo kwa denga kapena kuwongola kaimidwe ka galasi. Musamatepo silikoni wa m'mabafa uja wa ku hadiweya. Amagwira mwezi umodzi, n'kumatuka, ndipo madzi saiwala khwawa.

Kutsegula ndi kutseka

Lamulo lalikulu ndi limodzi: denga lonyowa silipindidwa. Mvula ya ku Zomba imakata msanga dzuwa n'kuwala, mtima n'kumati tsegula, koma nsalu yopindidwa ndi madzi imachita mawanga ndi chuku m'mapindo, ndipo mawangawo sachoka. Ngati mwalakwitsa, litsekeni mukangofika liume. M'mawa wa mu Juni, kukazizira, vinyl ndi zenera la pulasitiki zimauma gwa. Dikirani ziothe dzuwa kaye, apo ayi zimathetheka popinda.

Musanatsegule, onani kuti pamalo pogonera denga kumbuyo kwa mipando palibe ambulera, botolo kapena jumbo ya tomato. Pa denga lamanja, tsitsani magalasi, masulani zokowera zonse ziwiri, ndipo ngati zenera lili ndi zipi, tsegulani zipiyo ligone lathyathyathya, thaulo lofewa pamwamba pake. Pa denga la batani, injini ikhale ikulira chifukwa pampu imadya batire, galimoto ili pamalo osapendekeka, ndipo batani muligwire mpaka denga lifike kumapeto. Kulisiya lili m'malere kumalemetsa timikono take. SLK ili ndi chotchinga m'buti chimene chikapanda kukokedwa denga limakana kuyenda. Onani chimenecho musanayambe kuimbira makaniko.

Denga likayamba kuyenda mwaulesi, kupendekera mbali imodzi kapena kulira mwachilendo, siyani batani. Yang'anani mafuta a pampu ndi madontho a mafuta m'buti kapena pansalu yam'kati. Mafuta amenewa ndi apadera, olembedwa m'buku la galimoto, si a mabuleki. M'buku lomwelo muli njira yotsekera denga ndi manja magetsi akakana. Iyesereni pakhomo Loweruka lina kuli dzuwa, chifukwa kuiphunzirira pa Namadzi mvula ili pamsana si zinthu. Ambiri a magalimoto athu anabwera ndi buku la Chijapani kapena opanda buku, koma la Chingerezi limapezeka pa intaneti.

Kamodzi pachaka pakani kagirizi koyera m'mfundo za mafupa a denga, mosamala kuti kasakhudze nsalu. Usiku denga lizigona lotseka, chifukwa likakhalitsa chipindire limachita makwinya, ndipo la vinyl limafota moti kulikoweka kumafuna ndewu. Amene muli ndi denga lolimba lochita kuchotsa, itanani mnzanu. Apa mwambi uja ndi woona mmene ulili: mutu umodzi susenza denga.

Pogona pake

Galaja ikhalepo, kapena kashedi ka malata kodutsa mphepo. Lona wa pulasitiki womanga ndi zingwe ndi woipa kuposa kusafunda: amatsekera chinyezi m'kati, ndipo mphepo ikamamukupiza amakhula penti. Chofunda chikhale cha nsalu yopuma, pa galimoto youma ndi yoyera.

Mthunzi wa mango ndi wokoma mpaka mu Disembala, bango loyamba likagwera padenga. Amene mumakhala chakumtunda, kufupi ndi Botanic Gardens ndi m'mphepete mwa Mulunguzi, mukuwadziwa apusi ndi anyani. Nthochi yoiwalika pampando ndi kalata yowaitana, ndipo zala zawo zimadziwa kukanganula labala. Amphaka amakonda kufunda kwa nsalu n'kunolerapo zikhadabo. Makoswe amalowa kunsi kwa boneti ya galimoto yosayenda n'kudya mawaya, ndiye muzitsegula boneti sabata iliyonse kuona ngati mulibe zisa. M'tauni, pafupi ndi msika, musasiye chikwama, foni kapena jekete poonekera. Wakuba safuna kiyi, lezala imamukwanira, ndipo mtengo wa denga umaposa wa chimene wabacho.

Denga likang'ambika pang'ono, osoka mipando ya galimoto akhoza kuika chigamba cham'kati n'kusoka ndi ulusi wa nayiloni. Thamangirani kusanakule.

Kunsi ndi matayala

Magalimoto amenewa mimba yake ili pafupi ndi nthaka, ambiri masentimita 13 kapena 14 okha. Hampu imene Sienta imangodutsa, inu muitenge chopingasa, tayala limodzilimodzi, pa giya yoyamba, phazi litachoka pa buleki musanakwere kuti mphuno idzuke. Wam'mbuyo aimbe hutala, si iye adzagule sampu, beseni la oyilo la kunsi kwa injini. Mukamva kuti khwee kunsi, imani poyamba pabwino muone ngati oyilo sakudontha.

Dzinja maenje amabisala m'madzi, ndipo matayala opyapyala m'mbali salekerera: rimu imapindika, tayala n'kutupa chotupa. Tayala lotupa lichoke, silikonzeka. Madzi odutsa pamsewu amene simukuona pansi pake musalowemo, chifukwa injini ikamwa madzi nkhani yatha. Misewu yafumbi ya kumbali ya Chilwa nthawi ya mvula isiyireni ma pikapu. Mukayenda m'matope, tsukani kunsi ndi m'makhwapa mwa matayala tsiku lomwelo, matope osungidwa ndiwo nyumba ya dzimbiri.

Ngati mukufuna kugula kumene, pitani nayo padzenje la galaja musanapereke ndalama. Yochokera ku UK kapena kumpoto kwa Japan inayenda m'misewu yothiridwa mchere nthawi ya chisanu, ndipo penti yowala pamwamba ikhoza kukhala chikomekome cha mkuyu. Gogodani zitsulo za kunsi kwa zitseko ndi zogwira matayala akumbuyo. Phula wakuda wopaka kunsi ndi wabwino pachitsulo chopalidwa n'kuthiridwa mankhwala a dzimbiri, koma pamwamba pa dzimbiri amangobisa matenda.

Mpweya wa m'matayala muziyeza ali ozizira, motsata kapepala ka pachitseko. Pa MX-5 ziwiri zoyambazo ndi 1.8 bar, pomwe opopa matayala anazolowera kuthira wochuluka wa galimoto zolemera, kagalimoto kopepukaka n'kumangodumphadumpha. M'mbali mwa tayala muli manambala 4 omalizira pamzere woyamba ndi malemba a DOT: 2319 ndiye kuti tayalalo linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Galimoto yoyenda Lamlungu lokha matayala ake amakalamba asanathe mapanga, ndipo ine lopitirira zaka 6 sindilikhulupirira pamsewu wonyowa. Ambiri mwa magalimotowa amakankha ndi matayala akumbuyo, ndiye akumbuyowo akakhala akaunjika, pakona yonyowa matako amatsogola. Onaninso ngati muli ndi sipeya. MX-5 ya mtundu wachitatu ndi wachinayi imabwera ndi kabotolo ka mankhwala omata ndi kapampu basi, ndipo mankhwalawo amatha mphamvu ndi zaka.

Injini, petulo, batire

Apa sindichedwapo. Oyilo wa muyezo wolembedwa m'buku, pa makilomita 5,000 aliwonse chifukwa cha fumbi lathu, kapena kamodzi pachaka ngakhale simunafikepo. Fyuluta ya mpweya muziiona kumapeto kwa chilimwe. Oyilo wa giyabokosi ndi wa difu, bokosi la magiya la pakati pa matayala akumbuyo, ndi amene amaiwalika mpaka kumbuyo kuyambe kulira. MX-5 ziwiri zoyamba zili ndi lamba wa taimingi wofunika kusintha cha pa makilomita 100,000, ndipo ngati simukudziwa kuti mwini wakale anasintha liti, sinthani. Za mtundu wachitatu ndi wachinayi zili ndi tcheni. Mu redieta muzithira kulanti, osati madzi apampopi okha, ndipo mutu wake wa pulasitiki ukasintha kuchoka kukuda kupita kofiirira, watsala pang'ono kuphulika.

Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi, ndiye petulo wogona m'thanki miyezi itatu amayamba kuvuta, komanso amaumitsa mapayipi akale a labala. Mukamva fungo la petulo m'galaja, fufuzani mapayipiwo. Nthawi ya mizere ya mafuta, wa m'zigubu simudziwa chimene asakanizamo. Bola galimoto ikhale, si ya kuntchito.

Koma isakhale kopitirira sabata. Kuiliza pakhomo mphindi zisanu sikuthandiza. Pitani nayo ku Domasi kapena ku Thondwe n'kubwerako, injini itenthe, mabuleki achotse dzimbiri, batire idye. Pa MX-5 zakalezi batire ili m'buti ndipo imafuna kapayipi kotulutsira mpweya wake panja. Batire wamba yongoikamo imadya chitsulo cha buti ndi asidi. COF ndi inshuwalansi zisathe. Galimoto yotere wapolisi wa pamsewu aliyense amaiona ili kutali.

Ulendo wa ku Chawe

Msewu wokwera phiri ndiwo chifukwa chenicheni chokhalira ndi galimoto yotere kuno. Tauni ili cha pa mamita 900 kuchokera pa nyanja yamchere, nsonga za phiri zimapitirira 2,000, ndipo pakati pakepo ndi makona okhaokha. Pokwera, diso likhale pa singano ya kutentha kwa injini. Chipewa chikhale chomanga pachibwano, ndipo pakani mafuta oteteza kudzuwa, chifukwa mphepo yozizira imabisa mmene mukupsera.

Pofika pamwamba, imani pamene tala wathera. Misewu yopita ku Emperor's View, Queen's View ndi ku Chingwe's Hole ndi yafumbi ndi miyala, ya galimoto zazitali miyendo kapena mapazi anu. Mukaimika kuti mukayende, tsekani denga ngakhale kuli dzuwa. Kuphiri nkhungu imatsika popanda odi, ndipo mudzapeza mipando yachikopa ili chinyowere. Masitiroberi ndi mabulosi ogula m'mbali mwa msewu alowe m'buti, madzi ake sachoka pampando.

Kutsika ndiko kumayesa galimoto. Ikani giya yachiwiri, injini igwire galimoto, buleki muziiponda mwamphamvu pang'ono n'kuisiya, osati kuigoneka phazi njira yonse. Ya otomatiki muitsekere pa 2 kapena pa giya yamanja. Mafuta a mabuleki amamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo akakalamba amawira akatentha, buleki n'kulowa mpaka pansi popanda kugwira. N'chifukwa chake amasinthidwa pa zaka 2 zilizonse ngakhale akuoneka oyera. Pa makona muziyembekezera njinga zosenza nkhuni mulu wotalika kuposa mwini wake, amayi a mitolo pamutu, ndi malole a matabwa odya msewu wonse. Mukamva fungo lopserera, patukani pamalo oonekera, muike giya ndi mwala kutayala, mudikire mphindi 15.

Mukafika kunyumba musathire madzi pa marimu akadali otentha, zimbale za mabuleki zimapindika. Pamene mukudikira kuti zizizire, kankhirani mipando kutsogolo mutole singano za paini zimene zagwera kumbuyoko.